Mmene sabata ya maphunziro imayendera m'kalasi ya pulayimale

Sabata ya maphunziro m'sukulu za pulayimale za boma m'dziko muno imayamba Lolemba ndi kutha Lachisanu. Masiku asanuwa amakonzedwa molumikizana, kotero kuti phunziro la tsiku lililonse limatsamira pa la dzulo lake. N'chifukwa chake mwana amene wajomba masiku awiri amavutika kutsatira anzake mpaka sabata kutha.

Kukonzekera kwa mphunzitsi

Ntchito ya sabata imayamba teremu isanatsegulidwe. Mphunzitsi amatenga silabasi ndi mabuku ochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, m'boma la Zomba, n'kugawa mitu ya maphunziro malinga ndi masabata a teremuyo. Ndondomekoyi aphunzitsi amaitcha sikimu. Kuchokera m'sikimu, iye amalemba chikonzero cha phunziro la tsiku ndi tsiku, ndipo sabata ikatha amalemba zimene waphunzitsa ndi zimene zatsala. Mphunzitsi wamkulu amayendera zolembazi, chimodzimodzinso mlangizi wa sukulu za pulayimale wa m'zoni akabwera kudzaona ntchito.

Zochitika za tsiku ndi tsiku

M'mawa ana amasesa pabwalo ndi m'makalasi, kenako amafola pamzere kuti apemphere, aimbe nyimbo ya fuko ndi kumva zolengeza. Akalowa m'kalasi, mphunzitsi amaitana mayina. M'sukulu zimene zimalandira thandizo la chakudya kuchokera ku mabungwe monga Mary's Meals, lomwe linayamba ntchito yake m'Malawi mu 2002, ana amamwanso phala.

Ana a Sitandade 1 ndi 2 amaweruka msanga poyerekeza ndi a makalasi akuluakulu. Nthawi yawo yambiri imapita ku Chichewa, Chingerezi ndi masamu, ndipo yotsalayo amaimba, kujambula, kuumba ndi kusewera. Kumakalasi apamwamba kumaonjezereka maphunziro monga ulimi, sayansi komanso za chikhalidwe ndi chilengedwe.

Kuwerenga ndi masamu

Kuyambira mu 2016, pamene Unduna wa za Maphunziro unakhazikitsa ndondomeko ya National Reading Programme ndi thandizo la USAID, kuphunzitsa kuwerenga m'Sitandade 1 mpaka 4 kunaikidwa m'njira imodzi dziko lonse. Ana amayamba ndi kumva ndi kutchula maliwu, kenako kuzindikira malembo, kuwalumikiza kukhala maphatikizo, mawu ndi ziganizo. Poyamba mphunzitsi amaonetsa yekha, kenako amachitira limodzi ndi ana, ndipo pomaliza ana amayesa paokha, awiriawiri kapena m'magulu.

Pa masamu, aphunzitsi amalimbikitsidwa kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lawo. Timiyala, timitengo ndi zitsekerero za mabotolo zimathandiza mwana kuwerengera, kuwonkhetsa ndi kuchotsera asanayambe kulemba manambala m'kope.

Kuyesa ophunzira

Silabasi ya PCAR, imene inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2007, inatsindika kuti mwana aziyesedwa pafupipafupi m'malo modikira mayeso a kumapeto kwa teremu okha. Choncho aphunzitsi ambiri amapatula nthawi kumapeto kwa sabata yobwereza zimene aphunzitsa ndi kupereka timayeso tating'ono. Zotsatira zake zimaonetsa ana amene atsalira m'mbuyo, omwe amayenera kuthandizidwa mwapadera mutu watsopano usanayambe. Kwa a Sitandade 8, timayesoti ndi mbali ya kukonzekera mayeso a PSLCE amene amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB.

Zimene zimasokoneza sabata

Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kuchokera nthawi imeneyo vuto la kuchepa kwa zipinda ndi aphunzitsi silinatheretu. Ngakhale mulingo wa boma ndi ana 60 kwa mphunzitsi mmodzi, m'sukulu zambiri makalasi ang'onoang'ono amapitirira ana 100, ndipo kuchonga makope onse tsiku limodzi kumakhala kovuta. Kumene ana amaphunzirira pansi pa mtengo, mvula ikagwa maphunziro amaima. Masiku a msika, ganyu, maliro, malungo ndi njala ya miyezi ya Januwale ndi Febuluwale zimachititsanso ana kujomba.

Udindo wa makolo

Makomiti a sukulu, magulu a amayi ndi mafumu amathandiza kulondoloza ana ojomba. Pakhomo, kholo likhoza kutsegula kope la mwana Lachisanu lililonse, kuona ngati ntchito yachongedwa ndi kumupempha kuti awerenge mokweza mawu amene waphunzira sabata imeneyo. Ngakhale kholo losadziwa kuwerenga limatha kumva ngati mwana akudodoma, ndipo likhoza kukaonana ndi mphunzitsi Lolemba lotsatira, teremu isanapite patali.