Khunyu ndi Matenda a mu Ubongo

Munthu akagwa khunyu pamsika ku Kanyama kapena ku Chawama, ambiri amathawa poopa kuti malovu ake angawapatse matendawa. Ena amati walodzedwa. Komatu khunyu sapatsirana, ndipo gwero lake lili mu ubongo.

Ubongo uli ndi maselo pafupifupi mabiliyoni 86 amene amatumizirana mauthenga mwa timphamvu ta magetsi, ndipo ndiwo amalamulira kuyenda, kulankhula ndi kukumbukira. Timphamvuti tikasefukira panthawi imodzi, munthu amakomoka ndi kuphupha. Ena sagwa n'komwe: amangoti duu, maso ali tong'o, kwa kamphindi.

Kuvulala pobadwa, malungo aakulu, ngozi zapamsewu ndiponso mphutsi za njoka zam'mimba zofala ndi nkhumba, zonsezi zikhoza kuononga ubongo motere.

Bungwe la World Health Organization likuti odwala 7 mwa 10 alionse akhoza kuleka kugwa atamamwa mankhwala oyenera. Mu Lusaka odwala amapimidwa kucipatala ca UTH ndi ca Chainama Hills.

Wogwayo mugonekeni cammbali, kutali ndi mbaula yamoto, ndipo musamuike supuni m'kamwa monga acitira ena. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kucipatala.