Milandu yosafika kupolisi amaiwerenga bwanji?

FUNSO: Apolisi akalengeza kuti umbava watsika, amadziwa bwanji? Zowerenga milanduzi zinayambira kuti? — Msodzi, Luangwa Boma

YANKHO: Zinayambira ku France, bambo. Mu 1827 boma lakumeneko linayamba kusindikiza chiwerengero cha milandu ya m'makhoti a dziko lonse, ndipo akatswiri monga André-Michel Guerry ndi Adolphe Quetelet anayamba kufufuza kuti umbava ukuchuluka dera liti, nyengo iti.

Koma buku la apolisi, limene amati OB, limangosunga zomwe munthu wabwera kudzanena. Ukonde wanu ukabedwa usiku padoko, wakubayo n'kupalasa bwato kuwolokera ku Zumbo kapena ku Kanyemba, mumapita kukalembetsa mu OB? Ambiri amangoti zagwa zatha. Mbuzi ikasowa kwa Mburuma kapena kwa Mphuka, nkhani imathera pabwalo la nyakwawa: wolakwa alipira, anthu n'kubalalika. Choncho chiwerengero chikatsika, mwina akuba achepadi, mwinanso anthu atopa ndi mtunda wopita kupolisi.

N'chifukwa chake ku America, kuyambira mu 1973, boma limatuma anthu khomo ndi khomo kukafunsa eni nyumba ngati anaberedwapo, kaya anakanena kaya ayi. A ku Malawi anachita kafukufuku wotere mu 2003, ndipo mlandu umene unaposa yonse unali kuba mbewu m'munda. Wachimanga chothyoledwa usiku sakwera njinga kukadandaula kwa wapolisi.

FUNSO: Nanga ntchito yowongola achinyamata amaiyesa bwanji kuti ikuthandizadi? — Mphunzitsi, Katondwe

YANKHO: Aphunzitsi, njira yodalirika ndi ya maere. Cha m'ma 1930, Richard Cabot anayambitsa kafukufuku m'mizinda ya Cambridge ndi Somerville ku America. Anyamata anawaika awiriawiri ofanana msinkhu ndi khalidwe, ndalama yachitsulo n'kuponyedwa m'mwamba kuti isankhe wolandira thandizo. Wosankhidwayo ankayenderedwa ndi mlangizi, kuthandizidwa pa sukulu ndi kuchipatala, mnzakeyo anangosiyidwa.

Mu 1978 Joan McCord anafalitsa zomwe anapeza atalondola anyamata oposa 500 aja, ali madoda. Othandizidwawo sanapose anzawo. M'malo mwake uchidakwa, kubwereza milandu ndi kufa msanga zinachuluka kwa iwo. Chonsecho, atafunsidwa, ambiri mwa iwo anayamikira alangizi awo kuti anawathandiza kwambiri. Lipoti longodalira kufunsa opindula, ngati malipoti ambiri amene ndimawaona masiku ano, likanalemba kuti ntchitoyo inayenda bwino.