Bakuli la Mmonke ndi Moto wa M'bandakucha

Mlimi wina wa ku Magadha, kumpoto kwa India, dzina lake Bharadvaja, ankagawira antchito ake chakudya m'nyengo yofesa pamene Buddha anatulukira n'kuima chapambali, bakuli lili m'manja. Mlimiyo sanapite m'mbali. Anamuuza kuti iye amadya chifukwa amalima ndi kufesa, ndiye mlendoyo naye akagwire khasu. Mabuku akale a Chibuda amati Buddha anayankha kuti nayenso ndi mlimi, kungoti mbewu yake ndi chikhulupiriro ndipo pulawo yake ndi nzeru. Kunena zoona, yankholi silindigwira mtima ngati funso la mlimiyo. Funsolo lakhala likubwerabe kwa zaka pafupifupi 2,500, nthawi zina kuchokera kwa mafumu, nthawi zina kwa andale okhala ndi mfuti, komabe amayi a ku Laos, Thailand ndi Myanmar sanaleke kudzuka tambala asanalire kuti asonkhe moto wa amonke.

Mwambo wopatsa amonke chakudya m'bakuli sunangomera wokha. Buddha asanabadwe n'komwe, ku India kunali kale anthu osiya makomo awo n'kumadya zopempha. Chimene gulu lake linachita ndi kumanga malamulo mozungulira bakulilo, ndipo ukawawerenga umaona kuti anawapanga n'cholinga choti mmonke asathe kudziimira payekha. Pa malamulo 227 amene amonke a mwambo wa Theravada amasunga mpaka lero, pali loletsa kukumba nthaka, loletsa kulandira ndalama, loletsa kudya dzuwa likapendeka, ndi loletsa kusunga chakudya kuti chigone. Chipatso chimene palibe wamupatsa m'manja sangachiike pakamwa. Bakuli likhale ladothi kapena lachitsulo, osati lagolide kapena lasiliva. Munthu wotereyu sangathawire kuphiri n'kukakhala yekha zaka khumi akusinkhasinkha. Njala ya m'mawa uliwonse imamutsitsira kumudzi, kukhomo la anthu amene ali ndi ngongole, ana odwala ndi mikangano ya m'banja. Chiphunzitso chinalowa m'makomo kudzera pamenepo.

Malamulo ang'onoang'ono ndiwo amandiseketsa, chifukwa amaulula khalidwe la amonke oyambirirawo. Mmonke asakwirire ndiwo ndi mpunga pofuna kuti amuwonjezere zina. Asasuzumire m'bakuli la mnzake ndi diso lotola zifukwa. Asateme mbamu yaikulu, asalankhule chakudya chili m'kamwa, asanyambite zala. Lamulo siliikidwa popanda amene anayamba walakwa, ndiye kuti analipo wina wokwirira ndiwo uja, ndipo anzake anamuona.

Sikuti mwambowu unamera kulikonse kumene Chibuda chinafika. Ku China, kumene mwamuna wamphamvu zake wosalima ankaonedwa ngati mtolo kwa anzake, kupempha khomo ndi khomo sikunazike mizu. Makachisi anakhala ndi minda ndi makhitchini awoawo, ndipo mphunzitsi Baizhang, amene anamwalira mu 814, amakumbukiridwa polimbikira kuti mmonke azigwira ntchito ya manja tsiku lililonse. Ngakhale zinali choncho, mu 845 mfumu Wuzong inagwetsa makachisi akuluakulu 4,600 ndi kubweza amonke ndi masisitere oposa 260,000 ku moyo wamba kuti azikhoma msonkho. Poti kupempha sikunazike mizu ku China, Chibuda chimene chinafika kwathu kuno, ku Amitofo Care Centre pafupi ndi Blantyre, malo olerera ana amasiye amene anayambitsa mmonke Hui Li wa ku Taiwan, sichidziwika ndi mzere wa amonke oyenda ndi mabakuli m'misewu. Ndi cha nthambi ya ku China ija.

Kumene mwambowu umaoneka bwino ndi ku Luang Prabang, tawuni yaing'ono ya ku Laos yomwe ili pamene mtsinje wa Nam Khan umathira mu Mekong. Fa Ngum anakhazikitsa ufumu wa Lan Xang pamenepa mu 1353, ndipo dzina la tawuniyi linachokera ku chifaniziro cha Buddha chotchedwa Phra Bang. Mfumu Setthathirath inamanga kachisi wa Wat Xieng Thong cha mu 1560, kenako inasamutsira likulu ku Vientiane. Mu 1887 achifwamba anaotcha mbali yaikulu ya tawuniyi, koma kachisi ameneyu anapulumuka. Lero makachisi alipo oposa 30.

Ntchito yokonzera amonke chakudya imayamba dzulo lake. Mayi amaviika mpunga womata m'madzi usiku wonse, ndipo kusanache amautsanulira m'dengu lansungwi losongoka kunsi, n'kulikhazika pamwamba pa mphika wa madzi owira kuti upse ndi nthunzi. Ukapsa amauyala, kuutembenuza kuti nthunzi ichoke, n'kuuika m'kadengu kokhala ndi chivindikiro. Amasamba, kuvala bwino, kukoleka kansalu paphewa, kuyala mphasa m'mbali mwa msewu, kuvula nsapato n'kugwada. Amonke amatuluka pamzere, osavala nsapato, wamkulu patsogolo, tianyamata tometa mipala kumbuyo. Aliyense akafika amatsegula chivindikiro cha bakuli, mayi uja amatsina kambamu ka mpunga ndi zala n'kuponyamo, mosamala kuti asakhudze mmonke kapena nsalu yake. Mzere suima. Dzanja liyenera kuchita changu, ndipo mpungawo umatentha. Ndiwo zimapita kukachisi pambuyo pake, dzuwa litatuluka.

Chimene chimadabwitsa munthu wakwathu ndi chakuti palibe zikomo. Ife tinazolowera kuti wopemphetsa wa mu Limbe atambasule dzanja, adandaule, ndipo ukamupatsa akudalitse. Uko mmonke sapempha ndi pakamwa, sayang'ana nkhope ya wopereka, ndipo wogwada ndi mwini mpunga. M'kaganizidwe kawo, wopindula ndi woperekayo: wayamba tsiku ndi kumasula dzanja pa chinthu chimene akanatha kudya yekha, ndipo phindu la ntchito yabwinoyo akhoza kulipereka kwa makolo ake amene anamwalira. Kupatsa ndiko phunziro loyamba limene Buddha ankaphunzitsa anthu wamba, asanafike pa za makhalidwe ndi kusinkhasinkha. Mayi amene sanatsegulepo buku lililonse la Chibuda amaphunzira phunzirolo ndi zala zake m'mawa uliwonse.

Pali mbali ina imene ojambula zithunzi salabadira. Ambiri mwa tianyamata tovala nsalu zachikasu tija ndi ana a alimi osauka a kumapiri, amene anabwera kukachisi chifukwa ndiko angapeze sukulu, pogona ndi chakudya. Ambiri akamaliza maphunziro amavula nsaluzo n'kukafuna ntchito. Ndipo mabakuli akadzaza, amonke amatapako n'kuponya m'madengu a ana osowa amene amadikira m'mbali mwa msewu womwewo. Mpunga wa mayi mmodzi ukhoza kudutsa m'manja atatu usanafike pakamwa.

Achikomyunizimu a Pathet Lao atalanda boma la Laos mu 1975 ndi kuthetsa ufumu, funso la Bharadvaja linabweranso. Amonke anauzidwa kuti azilima ndi kudzidyetsa okha, ndipo kupereka chakudya kunkaonedwa ngati kuwononga chuma. Sipanapite nthawi yaitali boma linafewetsa dzanja, poti anthu sanafune kusiya. Mdani amene ndimamuopa kwambiri ine anabwera akumwetulira. UNESCO itaika tawuni ya Luang Prabang pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1995, alendo anachuluka, ndipo njanji yochokera ku China yomwe inatsegulidwa mu December 2021 yawonjezera ena. Tsopano pa msewu waukulu pamandandalikidwa timipando tapulasitiki, ogulitsa amatsatsa mpunga ndi mabisiketi kwa alendo, ndipo makamera amang'anima pamaso pa amonke. Eni tawuni anachita kukhoma zikwangwani zopempha alendo kuti aime patali ndi kuvala mwaulemu. Ku Thailand vuto ndi lina: zakudya zogula za shuga ndi mafuta zachulukira m'mabakuli, ndipo poti mmonke sasankha chimene wapatsidwa, madokotala akhala akudandaula za kunenepa ndi matenda a shuga pakati pa amonke.

Kuti tione kulemera kwa mwambowu, tiyang'ane pamene unaimitsidwa dala. Malamulo akale aja amalola amonke kuvundikira bakuli, kutanthauza kukana mphatso za munthu amene walakwira gulu lawo. Woyamba kulandira chilangochi anali Vaddha, wa fuko la Licchavi, amene ananamizira mmonke Dabba mlandu wa chigololo. Akuti atamva kuti amonke amuvundikirira bakuli anakomoka, kenako anapita ndi banja lake lonse kukapepesa. Amonke a ku Mandalay, m'dziko la Myanmar, anachita zomwezo kwa asilikali ndi mabanja awo mu 1990, asilikali atawombera amonke. Mu August 2007 boma la General Than Shwe linakweza mafuta modzidzimutsa, ndipo pa 5 September asilikali anamenya amonke amene ankachita zionetsero ku Pakokku. Amonke anapereka tsiku la 17 September kuti boma lipepese. Silinapepese. Masiku otsatira, amonke zikwizikwi anadzaza misewu ya Yangon, ena atanyamula mabakuli chozondotsa pamwamba pa mitu yawo, anthu atagwirana manja mbali zonse ziwiri kuwatchinjiriza. Kwa mkazi wa msilikali, zimenezi zinkatanthauza kuti mpunga wake ukanidwa pakhomo, ndipo pamaliro a mayi ake sipabwera mmonke. Pa 26 September asilikali anayamba kuwombera, ndipo usiku womwewo anathyola makachisi n'kukweza amonke m'malole.