Geni ya nsomba ku Liwaladzi ndi mbiri ya kuunika zitukuko zosamala chilengedwe

Liwaladzi ndi dera la m'mphepete mwa nyanja ya Malawi m'boma la Nkhotakota, kwa Mfumu Yaikulu Kanyenda, pa msewu wa M5 pakati pa mtsinje wa Bua ndi Dwangwa. Anthu a kumeneko amadalira chinangwa, mpunga, nzimbe ndi nsomba. Mwa zinayizi, nsomba ndiyo imabweretsa ndalama ya tsiku ndi tsiku, ndipo ntchito yake idagawika kuyambira kale: abambo ndi anyamata amalowa m'madzi, pomwe amayi ambiri amagula nsomba padoko, kuziyanika, kuziwamba kapena kuzifutsa, n'kukazigulitsa. Poti geni imeneyi imadya nkhuni komanso imadalira nyanja imene nsomba zina zikuchepa, boma ndi mabungwe akhala akuifikira ndi zitukuko zofuna kukweza amayi ndi achinyamata popanda kuwononga chilengedwe. Njira zoyezera ngati zitukukozo zapinduladi nazonso zakhala zikusintha.

Chiyambi cha malonda

Makolo a m'gombe lino ankaluka maukonde ndi ulusi wa zomera monga chopwa ndi bwazi, ankasema mabwato ku mitengo ikuluikulu, ndipo usiku ankakopa usipa ndi miuni. Nsomba zotsala pa ndiwo za pakhomo ankaziumitsa padzuwa kapena pamoto, n'kusinthanitsa ndi chimanga ndi nyemba za anthu a kumtunda. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota n'kusandutsa malowo doko lalikulu la malonda a minyanga ndi akapolo, lomwe David Livingstone adafikako mu 1861 ndi 1863. Ulimi wa mpunga udakula m'nthawi ya a Jumbe, ndipo khamu la anthu odutsa padokopo lidafuna chakudya chosaonongeka msanga pa ulendo. Ulamuliro wa a Jumbe udatha m'ma 1890 atsamunda a ku Britain atalanda dzikoli, koma malonda a nsomba youma adapitirira.

Kafukufuku woyamba

Ntchito yoyamba yoyeza moyo wa anthu a m'bomali mwa dongosolo idachitika mu 1938 ndi 1939. Gulu lotsogozedwa ndi dokotala B. S. Platt lidasankha midzi ya m'boma lomwe panthawiyo linkalembedwa kuti Kota Kota, wina kumapiri, wina m'munsi mwa mapiri, wina kunyanja, ndipo linkayeza zokolola, chakudya cholowa mumphika ndi thanzi la anthu. Mu 1939 akatswiri atatu, Ricardo Bertram, Borley ndi Ethelwynn Trewavas, adafufuza nsomba za m'nyanjayi ndi kaphedwe kake, ndipo lipoti lawo lidatuluka mu 1942. Boma la atsamunda lidakhazikitsa kagulu koti kayese njira zatsopano za ulimi ndi usodzi m'bomali, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idakachepetsera anthu ndi ndalama, mpaka ntchito idaima mu 1943. Vuto la ntchito kutha limodzi ndi ndalama zochokera kunja lidaonekera pamenepo, ndipo lakhala likubwerezeka m'zitukuko zambiri za pambuyo pake.

Kukula kwa msika ndi kutha kwa nkhuni

M'zaka za nkhondo ndi zotsatira zake asodzi ankasolola ulusi m'matayala akutha n'kulukira maukonde, kenako cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kudabwera maukonde a nayiloni. Nyali za palafini zidalowa m'malo mwa miuni, maboti a matabwa ndi injini adachuluka, ndipo chilimira idakhala ukonde waukulu wophera usipa ndi utaka. Fakitale ya shuga ya Dwangwa itayamba kugaya nzimbe mu 1979, ndi ya mafuta a ethanol mu 1982, anthu ochokera m'maboma ena adadzaza derali, choncho msika wa ndiwo udafika pafupi ndi madoko a Liwaladzi. Msewu wa m'mbali mwa nyanja udapangitsa kuti nsomba izifika ku Lilongwe, Kasungu ndi Mzuzu mosavuta.

Kuyambira m'ma 1990 chambo chidachepa kwambiri, ndipo usipa udakhala nsomba yophedwa mochuluka kuposa ina iliyonse m'dziko muno. Kusinthaku kudatsegulira amayi khomo, chifukwa usipa umagulidwa pa chigoba kapena pa ndowa, ndipo munthu wa mpamba wochepa amatha kuyamba nawo geni. Komabe usipa sukhalitsa. Umafuna kuyanikidwa pa thandala ukangotsika m'bwato, ndipo nthawi ya dzinja, mitambo ikaphimba dzuwa kwa masiku awiri, umawola kapena kugwa mphutsi. Pothawa chiwonongeko chotere amayi amaufutsa m'madzi otentha a mchere kapena kuukazinga m'mafuta, pomwe nsomba zikuluzikulu monga kampango, mlamba ndi mcheni amaziwamba. Njira zonsezi zimafuna nkhuni zambiri. Mitengo ya m'midzi idapita ku moto wa nsomba, ku makala, ku njerwa ndi ku minda yatsopano. Nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yomwe ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, idayamba kuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mu 2015. Bungweli lidamanga mpanda, ndipo mu 2016 ndi 2017 lidabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Lamulo la nkhalango la 1997 lidakhwimitsidwa mu 2020. Motero nkhuni zidasanduka chimodzi mwa zinthu zodula pa geni ya nsomba.

Nthawi ya ngongole

Thandizo loyamba kwa a geni zazing'ono lidali la mpamba, ndipo nkhani ya chilengedwe sinkalowamo. Bungwe la SEDOM lidakhazikitsidwa mu 1982, la NABW, lomwe adayambitsa Joyce Banda, mu 1990. Boma lidatsegula thumba la MARDEF mu 2005 ndi la achinyamata la YEDEF mu 2010. Matumba awiriwa adaphatikizidwa kukhala MEDF, yomwe mu 2020 idasanduka NEEF. Muyeso waukulu wa matumbawa udali kuchuluka kwa ndalama zobwereketsedwa ndi chiwerengero cha magulu olandira. Kubweza kudavuta kangapo konse, mwa zina chifukwa anthu ena ankaona ngongolezo ngati mphatso ya ndale, komanso chifukwa masiku obwezera sankagwirizana ndi nyengo za nyanja. Mayi wogulitsa usipa amakhala ndi ndalama miyezi ina, koma mwera ukamaomba pakati pa Meyi ndi Ogasiti mabwato amakhala kumtunda masiku ambiri, pomwe ngongole ikuyembekeza mwezi ndi mwezi.

Banki m'khonde, njira imene bungwe la CARE lidayamba ku Niger mu 1991, idazika mizu mosiyana ndi matumba a boma. Mamembala amasonkha ndalama zawozawo, amabwerekana pa chiwongoladzanja chimene agwirizana, ndipo amagawana pakutha pa chaka. Magulu ambiri otere amapitirira bungwe lowaphunzitsa litachoka, chifukwa ndalama ndi za eni ake ndipo wolephera kubweza amayankha kwa anzake a m'mudzi momwemo. Kwa amayi ambiri a padoko, banki m'khonde ndiyo idachepetsa ulendo wopita kwa a katapila.

Zipangizo zosamala chilengedwe

Mbali ya chilengedwe idayambira pa nsomba za m'madzi. Makomiti a m'madoko adayesedwa koyamba pa nyanja ya Malombe mu 1993, ndipo lamulo la usodzi la 1997 lidavomereza kuti anthu a m'midzi azitengapo gawo poteteza nsomba. Bungwe la Ripple Africa lidayamba ntchito yotere ku Nkhata Bay, kenako lidaifikitsa ku Nkhotakota, ndipo makomiti ake amakhala ndi asodzi pamodzi ndi amayi. Ntchito ya REFRESH, yothandizidwa ndi boma la America kuyambira 2019, idakhudzanso maboma a m'mbali mwa nyanja kuphatikizapo Nkhotakota.

Kumtunda kudabwera mbaula zosunga nkhuni. Boma lidalonjeza kuti pofika 2020 dziko likhale ndi mbaula zotere 2 miliyoni, ndipo chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi, idapatsa magulu a amayi geni yatsopano. Kwa owamba nsomba kudabwera mauvuni a njerwa okhala ndi masefa osanjikiza, omwe moto umodzi umawamba nsomba zambiri nthawi imodzi. Mtundu wodziwika kwambiri wa uvuni wotere udapangidwa mu 1969 ku Chorkor m'dziko la Ghana.

Chipangizo chimene chidatchuka kwambiri ndi tenti yoyanikira nsomba ndi mphamvu ya dzuwa. Idayesedwa ndi magulu a amayi a ku nyanja ya Chilwa m'ntchito imene idayamba mu 2010, kenako cha m'ma 2015 akatswiri a ku Chancellor College, nthambi ya boma yoona za usodzi ndi bungwe la WorldFish adaiyesa m'madoko a Salima ndi Mangochi ndi thandizo la Canada ndi Australia. Tentiyi ndi chimango cha matabwa chokutidwa ndi pulasitiki yolola kuwala, ndipo m'kati mwake muli mathandala. Mpweya umalowera m'munsi, umatenthedwa, umatenga chinyezi cha nsomba n'kutulukira kumwamba. Mvula, fumbi ndi ntchentche sizifika pa nsomba, ndipo nkhuni sizifunika. Zovuta zake zidaonekanso msanga. Mtengo womangira umaposa mpamba wa mayi mmodzi, pulasitiki imang'ambika ndi dzuwa ndi mphepo, ndipo tenti ya gulu imachepa tsiku limene usipa waphedwa wambiri, pomwe aliyense akuifuna. Phindu lake limaoneka bwino nsomba ikapakidwa m'mapaketi n'kugulitsidwa m'masitolo, zomwe zimafuna chiphaso cha bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS. Pa msika wamba, pomwe wogula amayang'ana kukula kwa mulu, usipa woyera wa mu tenti sukwera mtengo mokwanira kubweza ndalama yomangira.

Achinyamata adalowa m'zitukukozi mwa njira zina. Ambiri ndi aganyu a m'maboti a eni, olipidwa malinga ndi zimene apha usiku umenewo. Nyali zamagetsi zitalowa m'malo mwa nyali za palafini, padabuka geni yotchaja mabatire ndi sola. Ena adaphunzira ukalipentala womanga matenti, kufesa mbande za mitengo, kuweta njuchi m'midzi yoyandikana ndi nkhalango, kapena kunyamula nsomba pa kabaza kuchoka padoko kupita kumsewu.

Kusintha kwa muyeso

Malipoti akale ankawerenga zinthu zogawidwa: magulu opangidwa, anthu ophunzitsidwa, mbaula zoumbidwa, mbande zobzalidwa. Mu 1991 mayiko opereka thandizo a m'bungwe la OECD adagwirizana mfundo zisanu zounikira chitukuko: ngati chikuyankha chosowa chenicheni, ngati chakwaniritsa cholinga, ngati ndalama zayenda mosasakaza, ngati chasintha moyo wa anthu, ndiponso ngati chidzapitirira thandizo likatha. Mu 2019 adawonjezera yachisanu ndi chimodzi, yoona ngati ntchitoyo ikugwirizana ndi ntchito zina za m'dera lomwelo.

Pa geni ya nsomba mfundozi zimasanduka mafunso ogwirika. Loyamba ndi la phindu lotsala munthu akachotsa mtengo wa nsomba padoko, mchere, nkhuni, galimoto, chiphaso cha pamsika ndi ndalama yokonzera chipangizo. Lachiwiri ndi la mwini ndalamayo, popeza geni ikhoza kulembedwa m'dzina la mayi pomwe amene amalamula phindu ndi mwamuna wake. Lachitatu ndi la nkhuni: zimayezedwa pa sikelo uvuni usanabwere ndi utabwera, ndipo mitengo imawerengedwa imene yapulumuka chilimwe choyamba, osati imene idabzalidwa. Lachinayi ndi la mphamvu ya amayi padoko, pomwe nsomba zikachepa ena amakakamizika kugonana ndi asodzi kuti agulitsidwe nsomba. Lachisanu ndi la nyanja yeniyeniyo. Chipangizo chokweza phindu chikhoza kukopa ogula ndi maboti ambiri, choncho chimateteza chilengedwe pokhapokha malamulo a nyengo yotseka nyanja ndi oletsa maukonde a maso ang'onoang'ono akutsatidwa.

Kulekanitsa zotsatira za chitukuko ndi zochitika zina n'kovuta m'dera ngati Liwaladzi. Usipa umachuluka chaka china n'kusowa chaka chotsatira popanda wochititsa. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero mayi amene ndalama zake zakwera pa pepala akhoza kukhala akugula zochepa kuposa kale. Madzi osefukira a mu Febuluwale 2024 adasamutsa mabanja ambiri kwa Kanyenda, ndipo kukwera kwa nyanja chaka chomwecho kudamiza malo ena oyanikira nsomba. N'chifukwa chake ounika amalemba momwe zinthu zilili ntchito isanayambe, amafananiza olandira thandizo ndi anzawo osalandira, ndipo amafunsa m'dzinja ndi m'chilimwe momwe. Makope a banki m'khonde amathandiza pa ntchitoyi, chifukwa amaonetsa zimene membala wasunga ndi kubwereka sabata ndi sabata.

Zimene zakhazikika m'gombe lino kuyambira nthawi ya nayiloni ndi zimene anthu adatha kugula, kukonza ndi kubwezeretsa ndi ndalama zawo: ukonde wa chilimira, injini, nyali yamagetsi, thandala ndi banki m'khonde. Zimene zidadalira thumba la bungwe pa kukonza ndi pa kupeza msika zakhala zikufooka thandizo likatha. Choncho umboni wodalirika wa chitukuko chosamala chilengedwe umapezeka patapita zaka zingapo ntchito itatsekedwa, poona ngati chipangizo chikugwirabe ntchito, ngati eni ake adachikonza okha, ndiponso ngati ena amene sadapatsidwe kanthu adamanga chawo.