Mbiri ya lole

Mawu akuti "mbiri" ambiri tinayamba kuwamva kusukulu: mbiri ya dziko, mbiri ya John Chilembwe. Koma wogula nandolo pa Ntaja kapena pa Liwonde akafunsa kuti, "Kodi lole imeneyi mbiri yake njotani?" sakufuna kumva chaka chimene inapangidwa. Akufunsa zimene anthu amakamba za loleyo, za dalaivala ndi za mwini wake. Mbiri ndi zimene zinachitika, komanso ndi nkhani imene imatsala pakamwa pa anthu zitachitika. N'chifukwa chake timati uje "wamveka mbiri", winayo "waipitsa mbiri yake".

Mbali ina ya mbiri ya lole ili papepala: COF (chiphaso choti galimoto ili bwino) yochokera ku Road Traffic, inshuwalansi, laisensi ya dalaivala. Mwini katundu aziona zimenezi ndi maso ake, ayang'anenso madeti, asanakweze thumba n'limodzi lomwe. Komatu pepala silinena kuti dalaivala amaima pa Mangochi Turn-off kunyamula matola pamwamba pa matumba, kapena kuti amadzaza mopyola muyeso n'kumadutsa njira zachidule pothawa sikelo ya pa Balaka. Silinenanso kuti loleyo inagubuduzikapo kangati.

Zimenezo amadziwa ndi anyamata okweza katundu. Iwo ndi amene amaona tayala losalala ngati dazi, ndi chitseko chakumbuyo chomangidwa ndi waya. Ine ndimafunsa iwowo, nditawagulira kaye tiyi ndi mandasi, mwini lole atatalikira.