Tchalitchi cha pa Khondowe

Munthu wochokera m'chigwa cha Henga akakwera mapiri a Aphoka n'kufika pa Khondowe, maso ake amayamba kugwera pa tchalitchi cha njerwa zofiira chokhala ndi nsanja. Ambiri a ife Akatolika timachidziŵa ndi dzina lokha. Ena amachilambalala, amati n'cha eni ake a C.C.A.P. Komatu m'mabanja athu a kuno ndi oŵerengeka amene alibe gogo kapena malume amene anaphunzira, kubatizidwa kapena kuchiritsidwa pa phiri limenelo. Tsono mbiri yake itikhudza ndithu.

Amishoni a ku Scotland sanayambire pamenepa. M'chaka cha 1875 anakhazikika ku Cape Maclear, koma malungo anaŵatha. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, ndipo kumenekonso manda anachuluka. Ndiye mu 1894 Dotolo Robert Laws anasankha Khondowe, malo ozizira okwera pafupifupi mamita 900 pamwamba pa nyanja ya Malaŵi, pafupi ndi mathithi a Manchewe, kumene Aphoka ankabisala m'mapanga pothaŵa nkhondo za Angoni.

Chodabwitsa n'chakuti Laws, ngakhale anali mbusa, sanathamangire kumanga tchalitchi chachikulu. Anayamba ndi sukulu, imene inatchedwa Overtoun pokumbukira mkulu wina wachuma amene ankathandiza mishoniyo. Achinyamata ankaphunziramo kupala matabwa, kuumba njerwa, kusema miyala, kusindikiza mabuku ndi uphunzitsi. Kenaka anakoka madzi m'mipope, nasema mseu wa Gorodi wokhotakhota pafupifupi ka 20 kuchokera ku Chitimba. Nyumba ya miyala, Stone House, inamangidwa mu 1903, ndipo chipatala cha David Gordon chinatsatira. Laws anabwerera kwao mu 1927, namwalira mu 1934. Tchalitchi chimene tikuchiona lerochi chinapatulidwa mu 1940. Munthu amene anakhala zaka zoposa 50 m'dziko muno sanapempheremo chitatha. Ine ndiona kuti ndondomeko imeneyi inali yanzeru: anayamba waumba amisiri, kuti nyumba ya Mulungu idzamangidwe ndi manja a ana a dziko lino.

Mamangidwe ake ndi a ku Scotland. Mkatolika akaloŵamo amaona ngati mukusoŵa kanthu, pakuti mulibe tabernakulo, mulibe nyali yosazima, mulibe zifanizo za oyera. Sikuti anaiŵala ai. Kwa Apresibeteriyani mtima wa chipembedzo ndi Mau a Mulungu oŵerengedwa ndi kulalikidwa, kotero nyumba yonse inakonzedwa kuti munthu akhale pansi, amve. Ife timamanga moyang'ana guwa la nsembe, iwo moyang'ana gome lolalikirapo. Makoma amaphunzitsa katekisimu mosalankhula.

Chokongoletsa chimene aliyense amachikumbukira ndi zenera la magalasi amitundumitundu. Likuonetsa David Livingstone ali ndi bokosi lake la mankhwala ndi chipangizo choyezera nyenyezi, kumbuyo kwake kuli nyanja, pambali pake anzake aŵiri a paulendo. Anthu aŵiriwo ndiwo amandigwira mtima. Amatikumbutsa Susi ndi Chuma, amene pamodzi ndi anzao ananyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo mu 1873 mpaka ku Bagamoyo, ulendo wa miyezi yambiri. Ku Thanjavur, kumwera kwa India, kuli kachisi wa Ahindu amene mfumu Rajaraja inamtsiriza mu 1010, wa miyala yolimba, nsanja yake yopitirira mamita 60. Pa makoma ake anazokotapo dzina la mfumu, komanso maina a ovina, oimba ndi antchito ena a pakachisipo, pamodzi ndi malipiro ao. Amisiri akalewo anadziŵa kuti nyumba yopatulika siimangidwa ndi munthu mmodzi. Woyang'ana njerwa za pa Khondowe aziganizira Ahenga, Aphoka ndi Atonga amene anaponda dothi, kutema nkhuni za uvuni ndi kusenza katundu pamutu kukwera chitunda chija.

Tisabise kuti pakati pa ife ndi iwo panali mpikisano. Ansembe athu a White Fathers anafika kumpoto kuno mochedwa, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, napeza sukulu za Livingstonia zili ponseponse. Kulimbirana midzi ndi ana a sukulu kunasiya mabala m'mabanja ena. Msonkhano wa Vatikani Wachiŵiri, mu 1964, unatilangiza kuona obatizidwa a mipingo ina ngati abale.

Pa phiri lomwelo pali chizindikiro china chimene sichinafune mmisiri. Mu Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza za chipwirikiti m'dziko la Nyasaland, ndege inaponya uthenga pa Khondowe wofunsa Azungu a pamishoni ngati afuna kuchotsedwa, poopa kuti anthu akuda aŵachita chipongwe. Akuda ndi oyera anakhala pamodzi nagwirizana kuti sachoka munthu. Anandanda njerwa zopaka laimu pa kapinga, nalemba "Ephesians 2 v 14", ndime yonena za Khristu wogumula khoma lolekanitsa anthu. Ndege itabweranso inajambula malembawo, ndipo chithunzi chake chinatuluka m'manyuzipepala a ku Britain. Malembawo alipobe pafupi ndi Stone House, kamtunda pang'ono kuchokera pa khomo la tchalitchi.