Epictetus ndi Makomboni a Lusaka

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, tamverani mbiri iyi.

Zaka pafupifupi 1,900 zapitazo kunali mphunzitsi wachigiriki dzina lake Epictetus, amene paubwana wake anali kapolo ku Rome. Iyeyu anali wa gulu la anthu anzeru lotchedwa Astoiki. Anaphunzitsa kuti zinthu zili pawiri: zina zili m'manja mwathu, monga maganizo ndi ntchito zathu; zina sizili m'manja mwathu, monga mvula ndi imfa. Wodandaula ndi zimene sangazisinthe amangodzipweteka mtima.

Taonani makomboni athu. Kwa zaka zambiri Chawama ndi George anali malo osaloledwa, ndipo anthu ankagona ndi mantha oti nyumba zawo zigwetsedwa. Lamulo silinali m'manja mwawo, komabe anapitiriza kuumba njerwa ndi kulera ana awo. Mu 1974 boma linaika lamulo lolola kuvomereza malo otere, ndipo pokonza makomboniwo, eni ake anathandiza kusankha modzera misewu.

Tsono inunso ana, mukalephera mayeso musataye mtima. Mayeso apitawo simungawabweze, koma kutsegula buku madzulo ano kuli m'manja mwanu.